Waya Womwe Ndinakulunga mu Tivi ya Abambo

Kumbuyo kwa shopu yomwe ndinkagwira ntchito ku Marabastad kunali benchi imodzi yomwe ndinkaifuna kuposa china chilichonse mu Joni monse. Sinali yokongola ayi. Thabwa lake linali ndi zipsera za chitsulo chowotcherera, ndipo mwendo umodzi anachita kuuchirikiza ndi buku lakale la manambala a foni. Koma pa benchi imeneyo ndi pomwe ankakonzera machubu a mativi, ndipo pankakhala kabokosi kotuwa koyezera chubu, kokhoma ndi kiyi. Mwini shopu anali mmwenye wachikulire, tonse tinkangowatchula kuti Madala. Maso anali atayamba kuwavuta, ndipo anali atanena kale kuti akadzatopa benchiyo adzasiyira munthu mmodzi, iwo azidzangokhala kutsogolo kucheza ndi makasitomala. Wantchito ndinali ndekha, ndiye munthu mmodziyo akanakhalanso ndani?

Ndinafika ku Pretoria kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, dzanja litazolowera kale mawailesi kwathu ku Balaka. Ndinayamba ndi kutchetcha kapinga kwa mzungu wina, kenako Madala ananditenga. Ndinkagona ku Winterveld, kukwera basi kukadali chisisira, kufika ku shopu maso ali gwa. Abambo anga anali atapuma ntchito ya njanji, ndipo makalata anga ankawawerenga mokweza pakhonde, aneba akumvetsera. Ine podziwa zimenezo ndinalemba kuti posachedwapa ntchito yonse ya machubu ikhala m'manja mwanga, ndipo ndidzakhala ndi anthu pansi panga. Silinali bodza lenileni. Ndinangofulumira kunena.

Kwa amene sanatsegulepo tivi yakale ija yachimimba kumbuyo, ndifotokoze pang'ono. Galasi lomwe mumaonerapo ndi nkhope ya chubu, ndipo kumbuyo chubucho chimathera m'kakhosi kopyapyala. M'khosimo muli timifuti titatu, ka mtundu wofiira, ka wobiriwira ndi ka buluu, tomwe timaponya mphamvu yosaoneka, ndipo ikamenya galasi chithunzi chimatuluka. Kamfuti kalikonse kali ndi hita yake, kawaya kopiringizika komwe kamayaka ngati khala, n'kumatenthetsa kansonga kopakidwa ufa woyera komwe timakatcha katodi. Katodi ikatentha ndiye imaponya. Ikachepa moto chithunzi chimafooka, ikachuluka moto ufa uja umatha msanga ndipo chubu chimafa. Ntchito yonse ya pa benchi ija inali yakuti moto umenewu ukhale pamodzimodzi, lero, mawa ndi chaka chamawa. Madala ankangoti sikisi pointi firi, ndiwo mlingo wa magetsi woyenera hita, ndipo ankanena kawirikawiri mpaka ndinkawalota.

Koma ine ndinali ndi kanjira kanga. Ndinakaphunzira kwa mkulu wina wa ku Mamelodi yemwe ankakonza mativi pansi pa ambulera pafupi ndi renki ya matekisi. Tivi ikabwera chubu chitatopa, chithunzi chili mbuu, umatenga kachidutswa ka waya n'kukulunga kamodzi pa chitsulo cha lopiti, kachipangizo kakuda komwe kamadyetsa chubu magetsi, kenako n'kulumikiza ku hita. Basi. Moto umakwera, ndipo chithunzi chimadzuka nthawi yomweyo, mitundu ili psuu. Kasitomala amakuyang'ana ngati waukitsa wakufa. Pakatha miyezi ingapo chubu chija chimaferatu, koma pamenepo mwini wake amangoti tivi inali yakale. Madala ankadana nazo koopsa, ankati kumeneko n'kupha chubu mwini wake akuwomba m'manja. Ndinkavomera ndi mutu, dzanja likuyabwa.

Kenako anabwera mnzanga wina wa kwathu ku Malawi. Anali Myao wa ku Machinga, wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo ankakonza mawotchi patebulo kakang'ono kunja kwa golosale ina yogulitsa zinthu mopikulitsa. Tsiku lina anakonza wotchi ya Madala, ndipo sabata yotsatira ndinangomupeza m'shopu atavala epuloni. Wamawotchi! Tivi sankaidziwa n'komwe kuti amatsegula mbali iti. Ndine ndinamuonetsa pogwira ndi posagwira, ndinamuphunzitsa kutaya magetsi otsalira m'chubu asanalowetse dzanja, apo ayi akanaponyedwa kukhoma tsiku loyamba. Ndinamuphunzitsa ndi mtima umodzi chifukwa sindinkamuwerengera.

Munthuyo anali wochedwa, abale inu. Tivi imodzi ankatha nayo masiku awiri. Ankayamba ndi kuwotchereranso timiyendo tonse ta pa soketi ya khosi, kamodzikamodzi, atavala kagalasi kake ka mawotchi padiso. Akatero ankayeza hita. Kenako ankazimitsa mitundu yonse n'kusiya chithunzi choyera ndi chakuda, n'kumatembenuza timabatani ta mifuti itatu ija mpaka kotuwa kutuwedi, kusapendekere kufiira kapena kubiriwira. Ndiye n'kuisiya tivi ikuyaka, iye n'kukhala pampando manja ali pamwendo, kudikira kuti aone ngati chithunzi chisinthe ikatentha. Ine m'nthawi yomweyo ndinali nditamaliza mativi anayi. Ndinkamufunsa ngati akudikira kuti iikire mazira, iye n'kungomwetulira.

Chomwe chinayamba kundidya ndi chakuti Madala anayamba kuima kumbuyo kwake. Ankaima phee, akupuma m'mphuno, kuyang'ana munthu yemwe wangokhala. Kumbuyo kwanga sankaimako. Tsiku lina ndinamva kiyi wa kabokosi kotuwa akulira, n'kutembenuka, n'kuona Madala akumuonetsa momwe singano ya kabokosiko imasonyezera mphamvu ya mfuti iliyonse. Zaka zitatu ndinali m'shopumo, kabokosiko ndinkangokapukuta fumbi. Nsanje inandigwira moti chakudya chamasana chinandikanika tsiku limenelo.

Ndiye panali nkhani ya Lachisanu. Madala anali Msilamu, mnzangayonso Msilamu. Dzuwa likafika pamutu ankasamba m'manja, kuvala tizipewa tawo, n'kupita limodzi ku mzikiti, ine n'kutsala ndekha kulondera shopu. Ndinkawaona akutsika msewu, mnzangayo atachepetsa liwiro kuti afanane ndi Madala, ndipo ndinkadziuza kuti benchi yanga akukaigawana kumeneko. Ndinkauza anzanga a kutchalitchi ku Winterveld kuti ku shopu kwathu luso silikugwira ntchito, chikugwira ntchito ndi kachipewa. Ankandimvera chisoni, ndipo zinkandikoma. Sindinkawauza kuti Lachisanu lomwelo, shopu ikakhala yanga ndekha, ndi pomwe ndinkatulutsa kawaya kanga.

Chaka china chakumapeto, hotela ina ya m'tauni inataya mativi ake akale, Madala n'kuwagula onse. Titakonza ndi kugulitsa, panatsala awiri ofanana ndendende, machubu ake otopa mofanana. Madala anati aliyense atenge imodzi, aikonze, aitumize kwawo ikhale mphatso ya kumapeto kwa chaka. Kwathu kanema anali atangoyamba kumene masiku amenewo, ndipo nyumba yokhala ndi tivi inkadziwika dera lonse. Sananene kuti ndi mayeso. Koma ndinawaona momwe anayang'anira benchi ija pomwe ankalankhula, ndipo ndinadziwa.

Ndikunena zoona, ndinayamba bwino. Masiku atatu ndinachita zonse mwadongosolo, kuwotcherera, kusintha zomwe zinauma, kuyeza. Madala anatipimira machubu onse awiri pa kabokosi kaja n'kuwatsuka mkati pang'onopang'ono ndi magetsi, monga ankachitira. Chithunzi changa chinatuluka chabwinobwino, choti Abambo akanakondwa nacho. Koma nditaziika moyandikana, cha mnzangayo chinali chosalala kuposa changa. Kusiyana kwake kunali kochepa, munthu wamba sakanaona. Ine ndinaona, ndipo ndinadziwa kuti Madala ngakhale ndi maso awo ofookawo aona.

Linali Lachisanu. Awiriwo atangokhota pakona kupita ku mzikiti ndinatsegula kumbuyo kwa tivi yanga. Ndinakulunga waya kamodzi, n'kuyang'ana, n'kukulunganso kachiwiri. Sindinachitepo kawiri pa tivi ya munthu aliyense, ngakhale kasitomala wamwano. Ndinachita pa ya Abambo anga.

Eish, koma inawala. Atabwerako ku mzikiti anapeza azimayi a shopu ya makatani yoyandikana nafe ataima pakhomo akuonera, wina akuti imeneyo ndi yatsopano, musatinamize. Tivi ya mnzangayo pambali pake inkaoneka ngati yadwala malungo. Madala anayandikira, kutsinzina diso limodzi, n'kungoti yawala, kenako anapita kukaphika tiyi. Mnzangayo sanayang'ane galasi n'komwe. Anazungulira kumbuyo n'kusuzumira pa timipata totulukira mpweya. Hita yabwino imayaka mofiirira, modekha. Yanga inali yachikasu, kutsala pang'ono kuyera.

Mnzangayo anadikira mpaka titatuluka kukagula magwinya, mandasi a kumeneko, kwa mayi wina wa pa renki, ndipo analankhula motsitsa mawu, maso ali pa pepala lamafuta lomwe linali m'manja mwake.

"Achimwene, khosi lija layaka kwambiri. Chotsani wayayo tiviyo isanapite. Ndi ya abambo anu imeneyo."

"Achimwene," ndinatero ine, "inu mumadziwa mawotchi. Za mativi tisiyireni eni ake."

Anangogwedeza mutu n'kupitiriza kudya. Ndinkadziwa kuti akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake ndinapsa mtima. Ndinakonza zoti ndidzachotse wayayo tsiku lopakira, Madala ataona kale kuwala kuja n'kusankha. Koma tsiku lopakira mnzangayo ndi yemwe anabwera ndi makatoni, ndi yemwe anandigwirira tivi poikulunga m'bulangete, ndipo chifukwa dzanja lake linali labwino polemba, ndi yemwe analemba dzina la Abambo ndi malo athu pa katoni. Anaima pomwepo nthawi yonseyo. Kuti ndimasule zomangira zinayi zija pamaso pake kunali kuvomera, ndiye ndinasiya. Mativi onse awiri anakwera ngolo imodzi ya transipota, ina yotsikira ku Balaka, ina yopitirira ku Machinga.

Kalata ya Abambo inabwera yodzaza masamba atatu. Ankati nyumba yasanduka holo. Ana akukhala pansi mpaka pakhomo, akuluakulu akubwera ndi mipando yawo, ndipo tivi ya aphunzitsi aakulu, yomwe inali yokhayo m'dera lathu, anthu aisiya chifukwa yathu ikuwala kuposa. Ankaiyatsa kanema akangotsegula mpaka atseke, tsiku ndi tsiku. Aliyense wofunsa ankamuuza kuti yakonzedwa ndi manja a mwana wawo, yemwe ndi dokotala wa mativi ku Joni. Ndinawerenga kalatayo m'basi, ndipo m'malo mosangalala ndinayamba kuwerengera maola omwe hita ija inkayaka patsiku.

Tiviyo sinafike nyengo yokolola. Abambo anaimba kuchokera pa telefoni yolipira ya pamsika, mawu awo akumveka patali. Anati poyamba nkhope za anthu zinayamba kubiriwira, kenako chithunzi chinkachedwa kubwera, tsopano mawu okha ndi omwe akumveka, pagalasi pali ngati utsi. Sanandidzudzule. Anaganiza kuti mwina ndi magetsi a kwathu, kapena ana anaigwira molakwika. Anaiphimba ndi nsalu yoluka ya Amayi n'kuuza aneba kuti ikudikira mwini wake. Ndinati ndibwera posachedwa, ngakhale ndinkadziwa kuti mapepala anga sanali bwino, ndipo ndikanatuluka pachipata sindikanalowanso.

Ku shopu ndinakhala chete. Madala anali asanasankhebe, ndipo ndinkaganiza kuti Balaka ndi kutali, nkhani singawoloke malire atatu. Koma m'nyengo yozizira mayi wina wa ku Eersterust anabweza tivi yomwe ndinamukonzera Lachisanu lina. Ambiri sankabwerera, koma ameneyu anachita kubwereka galimoto. Madala anaitsegula okha. Maso sankaona bwino, koma zala zawo zinapita molunjika pa lopiti, n'kupeza waya. Anaudula, n'kubwera kudzauika patsogolo panga, osakweza mawu.

"Nanga ya abambo ako ikuyenda bwanji?"

Ndinayang'ana pansi. Iwo anabwerera kukapepesa mayi uja. Lolemba lotsatira kiyi wa kabokosi kotuwa anali pa chingwe m'khosi mwa mnzangayo.

Sanandichotse ntchito, ndipo nthawi zina ndinkalakalaka akanandichotsa. Ndinatsala kutsogolo, kusintha mafyuzi ndi kukonza marimoti, machubu onse n'kumapita kumbuyo kwa wamawotchi. Ndinatsimikiza mumtima kuti ndi iye anandineneza panjira ya ku mzikiti. Miyezi inayi sindinamulankhule kupatula za ntchito. Akandipatsa moni ndinkayankha ndi mphuno. Akagula magwinya n'kundiikira awiri patebulo, ndinkawasiya mpaka aume. Kwa Abambo sindinalembe kalikonse kosintha zomwe ndinalemba kale, ndiye kwathu ndinali ndikadali mwini benchi.

Chaka chitatsala pang'ono kutha, iye anapempha tchuthi kuti akaone banja lake, poti mapepala ake anali abwino. Masiku omaliza ndinamuona akuchotsa chubu mu tivi ina yomwe inapsa zamkati koma chubu chake chili chamoyo. Anachiyeza pa kabokosi kawiri konse, kuchikulunga m'mabulangete awiri, n'kuchimanga m'katoni. Madala ankaona zonsezo. Ine magazi anawira. Ndinauza anzanga ku Winterveld kuti taonani, chaka sichinathe wayamba kale kututa katundu wa shopu kukagulitsa kwawo, ndipo mwini wake akungoyang'ana.

Patatha sabata imodzi iye atanyamuka, telefoni ya m'shopu inalira, Madala n'kundiitana. Anali Abambo, ndipo mawu awo anali a munthu yemwe wadya bwino.

"Wantchito wako uja anafika," anatero. "Wachita bwino kumutuma. Koma ukanatidziwitsa, tinakhala ngati anthu osayembekezera alendo."

Anapitiriza kufotokoza kuti munthuyo anatsika basi pa Balaka atasenza katoni, n'kufunsa njira mpaka kupeza nyumba. Anati watumidwa ndi abwana ake, ndipo abwana akewo ndine. Anakhala tsiku lonse pabalaza, kusintha chubu, kuwotcherera, kenako kungokhala pampando kuyang'ana chithunzi chopanda mitundu mpaka Amayi anayamba kudabwa ngati ali bwinobwino. Abambo atazindikira kuti ndi Msilamu anamupatsa mpeni kuti nkhuku azinge yekha. Anagona komweko, m'mawa n'kuyatsanso tivi kuti aione ikadali yozizira, kenako n'kukwera minibasi ya kwawo. Abambo anati chithunzi sichikuwala ngati poyamba paja, koma munthuyo wawauza kuti ndine ndalamula kuti achisiye chomwecho kuti chikhalitse.

"Umusunge bwino ameneyu," anatero pomaliza. "Ndimakudziwa mtima wako. Usamamukalipire."

Ndinati chabwino, Abambo. Ndinali ndi mpata wonse woti ndinene kuti si wantchito wanga, kuti benchi ndi yake, kuti chubu choyamba ndinachipha ndine. Madala anali chapafupi pomwepo akupukuta magalasi awo. Ndinangoti chabwino, n'kufunsa za mvula.

Mukuganiza kuti nsanje inatha pamenepo? Ayi ndithu, inangosintha malo. Poyamba ndinkamuchitira nsanje chifukwa cha kiyi. Tsopano ndinkamuchitira nsanje chifukwa anakhala pabalaza pathu, anadya nkhuku ya Amayi, anaona nkhope ya Abambo pomwe chithunzi chinkabwerera, zinthu zomwe zinali zanga. Komanso chifukwa anatha kudzitcha wantchito wanga osamva kuwawa, pomwe ine kumutcha mkulu wa benchi kunkanditsamwitsa. Atabwerako ndinadikira kuti ayambitse nkhaniyo, nditakonzeka kale ndi mayankho aukali. Sanaiyambitse. Anangondipatsa kathumba ka mtedza komwe Amayi anamupatsira, n'kuvala epuloni yake. Patapita nthawi Madala anandiuza okha, tikutseka shopu, kuti munthuyo sanawauzepo kanthu za waya, ngakhale pomwe iwo anamufunsa. Ndinayambanso kudya magwinya ake, koma zikomo weniweni sanatuluke pakamwa panga.

Tinagwira limodzi zaka zina zingapo, iye kumbuyo, ine kutsogolo, mpaka mativi opyapyala atadzaza m'mashopu ndipo anthu anasiya kubweretsa achimimba aja. Madala anatseka, mnzangayo anabwerera ku mawotchi ndi mafoni, ine ndinapeza ntchito yoika mageti amagetsi. Kabokosi kotuwa kaja, komwe ndinadana nako ndi munthu, sindikudziwa n'komwe komwe kanathera.

Abambo anamwalira ndisanabwerere kwathu. Nditafika, maliro atapita kale, aneba ankandipatsa moni ngati bwana wa ku Joni, ndipo ena ankafunsa za wantchito wanga waulemu uja. Tivi inali pamalo pake pabalaza, nsalu yoluka ili pamwamba. Amayi anati sinavutepo chichokereni mnzangayo, ndipo Abambo ankaonera nkhani tsiku lililonse mpaka sabata yomwe anagonekedwa kuchipatala. Masana ena nyumba ili zii ndinaiyatsa, n'kuzungulira kumbuyo kukasuzumira pa timipata tija. Hita inali kuyaka mofiirira, modekha, monga Madala ankafunira. Amayi analowa n'kundipeza nditagwada pamenepo, ndipo anandifunsa ngati pali chomwe chalakwika. Ndinawauza kuti palibe, munthu amene anaikonza ankaidziwa ntchito kuposa ine. Anaseka, akuganiza kuti ndikungodzichepetsa, n'kupita kukaanula zovala.